Ankhoswe a ku Madina: mbiri ya mahakamu awiri banja likafika pothera



Usiku wina mwa mausiku oyambirira a Ramadhan, imamu akamadutsa Surat An-Nisaa pa Taraweh, pali ndime imene ambiri timangoimva ikudutsa: ndime ya 35. M'menemo Allah Subhaanahu wa Ta'ala akulamula kuti mkangano wa mwamuna ndi mkazi ukafika poopseza banja, pasankhidwe anthu awiri, mmodzi wa kuchimuna, wina wa kuchikazi, kuti akhale pakati pawo. M'Chiarabu aliyense mwa awiriwa amatchedwa hakam. Ife tikamva izi sitidabwa, chifukwa unkhoswe tinaupeza kale kwa makolo athu. Koma ndime iyi ili ndi funso limene linavutitsa maulama kwa zaka zoposa chikwi, ndipo mpaka lero likuliritsa azimayi ena m'midzi mwathu: kodi awiriwa ntchito yawo ndi kuyanjanitsa kokha, kapena alinso ndi mphamvu yothetsa banja akaona kuti zakanika?

Tiyambire pa Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) mwini wake. Imam Bukhari akusimba za Barira, mayi amene anali kapolo. Atapatsidwa ufulu, anapatsidwanso mwayi wosankha kukhala kapena kusiyana ndi mwamuna wake Mughith, ndipo anasankha kusiyana naye. Mughith ankamutsatira m'misewu ya Madina misozi ikutsikira m'ndevu. Mtumiki anamva chisoni, nalankhula ndi Barira kuti abwerere. Barira anafunsa ngati limenelo linali lamulo. Atauzidwa kuti ndi pempho chabe la womuyimira mnzake, anakana, ndipo nkhani inathera pomwepo. Nkhoswe yoposa nkhoswe zonse inapempha, inakanidwa, ndipo sinakakamize.

Mkazi wa Thabit bin Qais nayenso anabwera yekha. Sananeneze mwamuna wake cholakwa pa chipembedzo kapena pa khalidwe. Mtima wokha ndi umene unali utachoka. Mtumiki anamufunsa ngati angabweze munda umene anapatsidwa ngati mahari. Atavomera, Thabit analandira munda wake namusiya mkaziyo. Kumeneku ndiko kumene timatcha khul'u.

Nkhani imene ndimaikonda kwambiri inachitika m'nthawi ya Khalifa Uthman (radhia Allahu anhu), amene analamulira kuyambira 644 mpaka 656. Aqil bin Abi Talib, mkulu wake wa Ali, anakwatira Fatima bint Utba. Banja ili linali ndi bala lakale. Pa nkhondo ya Badr mu 624, bambo ake a Fatima, Utba, pamodzi ndi Shaiba m'bale wa Utba ndi Walid mlongo wake wa Fatima, anaphedwa ndi Hamza, Ali ndi Ubaida, abale ake a Aqil. Choncho Aqil akalowa m'nyumba, mkazi wake ankamufunsa kumene kuli Utba ndi Shaiba, iye n'kukhala chete. Tsiku lina analowa atatopa, ndipo atafunsidwanso anayankha mwaukali kuti akawapeza ku Moto, kudzanja lamanzere. Fatima anavala napita kwa Khalifa.

Uthman sanaweruze mlanduwo yekha. Anatuma anthu awiri: Abdullah bin Abbas wa kuchimuna, ndi Muawiya wa kuchikazi. Onani kusankha kwake. Bambo a Ibn Abbas ndi bambo a Aqil anali pachibale, ndiye kuti kwathu kuno sitinganene kuti msuweni, ndi m'bale wake weniweni. Muawiya naye anali mwana wa Hind bint Utba, kutanthauza kuti Fatima anali mayi ake ena. Chodabwitsa n'chakuti wa kuchimuna ndi amene ananena kuti awalekanitsa, pomwe wa kuchikazi anati iye sangalekanitse akuluakulu awiri a fuko la Abd Manaf. Sanapite kukamenyera nkhondo mbali zawo. Atafika pakhomo anapeza chitseko chili chotseka, eni ake atayanjana kale, ndipo anabwerera. Komabe mawu a Ibn Abbas anatsala: iye ankadziona kuti mphamvu yolekanitsa ali nayo.

Kenako m'nthawi ya Ali (radhia Allahu anhu) kunabwera mwamuna ndi mkazi, aliyense ndi gulu la anthu ake. Ali analamula kuti mbali iliyonse itulutse hakam wake, ndipo anawauza awiriwo kuti akaona kuti n'koyenera kuyanjanitsa ayanjanitse, akaona kuti n'koyenera kulekanitsa alekanitse. Mkazi anavomera zonse, zomukomera ndi zomuipira. Mwamuna anavomera kuyanjana kokha, za kulekana anakana. Ali anamudzudzula, namuuza kuti avomereze monga mmene wavomerezera mkazi wake.

Nkhani imodzi yomweyi inabala maganizo awiri. Imam Malik, amene anamwalira mu 795, anati mahakamu ndi oweruza: akagwirizana kuti banja lithe, latha, mwamuna afune asafune, poti Ali anawauza poyera kuti atha kulekanitsa. Imam Abu Hanifa, amene anamwalira mu 767, anati iwo ndi nthumwi chabe, sangapereke talaka imene mwini wake sanawatume. Kwa Imam Shafi'i, amene madhhab ake anafika kwa makolo athu kudzera kwa Aswahili a ku gombe, kunachokera maganizo onse awiri, koma otchuka ndi akuti ndi nthumwi. Umboni wake ndi womwewo: Ali akanavutikiranji kufuna chivomerezo cha mwamuna zikanakhala kuti n'chosafunika?

Kusiyanaku sikunathere m'mabuku. Mu ufumu wa Ottoman, umene unkatsata madhhab a Hanafi, mayi wozunzidwa kapena wothawidwa anali ndi njira zochepa kwambiri zotulukira m'banja. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, Sultan analola kuti mayi amene mwamuna wake wasowa osamusiyira chithandizo apemphe kuti ukwati uthe. Mu 1917 kunatuluka lamulo la za mabanja limene linatenga maganizo a Imam Malik: kadhi asankhe mahakamu m'mabanja awiriwo, ndipo kuyanjanitsa kukalephera, awalekanitse, ngati wolakwa ndi mkazi, abweze mahari onse kapena gawo lake. Ku Turkey lamuloli linafafanizidwa mu 1919, koma ku Lebanon linapitirira kugwira ntchito. Egypt inatsatira njira yomweyi mu 1929. Pakistan mu 1961 inalamula kuti wopereka talaka adziwitse wapampando wa khonsolo ya dera lake, pakhale bungwe la oyimira mbali zonse, ndipo talaka isagwire ntchito mpaka patatha masiku 90. Ku London, kumene boma silidziwa kadhi, Asilamu anakhazikitsa Islamic Sharia Council mu 1982, ndipo ambiri opitako ndi azimayi ofuna kumasulidwa ku nikah.

Tikabwera kwathu, chimango cha ndime ya 35 tili nacho kale. Nikah zathu zambiri zimakhala ndi ankhoswe a mbali zonse, ndipo banja likagwedezeka amayamba ndi iwo asanafike kwa Sheikh kapena kwa mfumu. Chimene ndikuona kuti chikusowa ndi theka lachiwiri la ntchito. Ankhoswe athu amadziwa mawu amodzi, akuti pirirani. Akalephera amangobalalika, osanena za mahari, za iddah, za chakudya cha ana ndi fizi, ngakhale za mboni ziwiri zimene ndime yachiwiri ya Surat At-Talaq ikutchula. Komanso poti kwa ambiri a ife ukwati ndi wa chikamwini, amene amanyamula chikwama ndi mwamuna. Akakwera basi ya ku Joni osanena kuti wasiya kapena sanasiye, mayi amatsala m'malere: si mbeta, si wapabanja. Ndime ya 129 ya Surat An-Nisaa yomweyo ikuletsa kumusiya mkazi chotero.

Si mlandu uliwonse umene uli wa pamphasa. Pamene pali kumenya kapena kuopseza moyo, lamulo la dziko loletsa nkhanza za m'banja la 2006 lilipo, ndipo nkhoswe yobweza mayi wotupa nkhope kwa womumenya yalakwira ndime imene ikuganiza kuti ikutsata. Bambo wokana kusamala ana ake nayenso amene angamukakamize ndi khoti, osati malume.

Koma pa milandu yotsalayo, ngakhale tikhale pa maganizo otchuka a Imam Shafi'i, njira ilipo, ndipo ndi imene anachita Ali. Zokambirana zisanayambe, mwamuna anene pamaso pa mboni kuti wapereka mphamvu kwa nkhoswe yake yopereka talaka ikaona kuti n'koyenera, mkazi naye apereke mphamvu kwa nkhoswe yake yovomera khul'u ndi kubweza mahari. Zilembedwe papepala, Sheikh asunge limodzi, mbali iliyonse itenge lake. Mwamuna ali ku Johannesburg atha kupereka mphamvu imeneyi pa foni, mboni zikumva ndi kutsimikiza kuti mawuwo ndi ake.