Kamba wa Apaulendo m'Nyengo ya Cisanu

Mwezi wa June ukalowa, ife okhala m'cigwa ca Shire, kuyambira pa Liwonde kufikira ku Balaka ndi ku Ulongwe, timayamba kudzinamiza tokha. Usana dzuwa liwala bwino, thukuta lituruka, ndipo munthu anyamuka ulendo atabvala malaya amodzi, nati, Kwathu kuno nkotentha, cisanu ncakumapiri. Koma dzuwa likapendeka mwera uyamba kuomba, ndipo pofika mbanda kuca madambo azizira kotero kuti zala zikana kugwira mpini. Masiku ena kudza ciperoni, nkhungu ija ya mvula yamawawa, imene inatenga dzina lace ku phiri la Chiperone m'dziko la Mozambique. Iyo ikuta mapiri a Zomba, Malosa ndi Cikala masiku awiri kapena atatu. Pa Liwonde nthaka siifika mamita 500 pamwamba pa nyanja yamcere, koma nsonga ya phiri la Zomba ipitirira mamita 2,000. Cifukwa cace munthu akhoza kudzuka m'dziko lotentha, nagona tsiku lomwelo m'dziko lozizira.

Makolo athu anadziwa ici kutiposa ife. Tifuna tsono kukumbutsana zimene iwo ananyamula poyenda m'miyezi imeneyi, ndi zimene zinawagwera anthu amene anayenda opanda izo.

Ayao a Amacinga, amene dzina lao lakhala pa boma la Macinga, analowa m'dziko muno pakati pa zaka za m'ma 1800, kucokera ku mapiri a kum'mawa kwa nyanja. Mafumu ao, monga Kawinga wa pa phiri la Cikala ndi Liwonde wa pa dooko la Shire, anali eni malonda, natumiza maulendo ku gombe la nyanja yamcere, ku Kilwa ndi ku Quelimane. Ulendo wotere sunanyamuka m'dzinja, pakuti mitsinje inali yodzala ndi udzu unatseka njira. Unayembekeza kuti anthu akolole ndi madzi aphwe. Motero ulendo unagwa pa miyezi yeniyeni ya cisanu, ndipo amene analunjika ku Kilwa anapyola mapiri a dziko la Ayao, kumene kuzizira koposa kuno. Panalibe sitolo panjira, panalibe nyumba ya alendo. Cimene munthu anaiwala pakhomo anaciiwala mpaka kubwera.

Coyamba cinali kamba. Akazi anasinja ufa masiku angapo ulendo usanafike, nakazinga cimanga ndi mtedza, naikapo nsomba zouma. Cokazingaco cinali ndi nzeru yace: ufa ufuna moto, madzi ndi mphika, koma cimanga cokazinga munthu atafuna ali ciyendere, ngakhale tsiku la mawawa pamene nkhuni zakana kuyaka. Anatenganso mcere, umene anthu a m'mbali mwa nyanja ya Cirwa anaphika ndi dothi la kumeneko. Mcerewo unakometsa ndiwo, ndiponso unagula cakudya m'midzi ya panjira kamba akatha.

Caciwiri cinali moto. Macesi kunalibe. Pa ulendo waufupi munthu ananyamula cikuni cofuka. Pa ulendo wautali anasunga timitengo tiwiri touma topekera moto, natikulunga bwino kuti tisanyowe. Cacitatu cinali copfunda: ciwondo cosula ndi khungwa la mombo, kapena cikopa cofufuta, kapena fumba, ndiyo mkeka wosoka ngati thumba, umene anthu a kunsi kwa Shire ndi a ku Zambezi analowamo pogona, ndipo mphepo kapena udzudzu sizinapeza polowera. Cacinai cinali nkhwangwa ndi mpeni, pakuti wokhala nazo ali ndi nkhuni, ali ndi msasa. Cacisanu cinali cigubu ca madzi, pamodzi ndi nsupa ya mafuta a nsatsi odzola kumapazi kuti asang'aluke.

Koma nzeru yao yaikuru inali pa nthawi yoima. Anatula akatundu dzuwa likali m'mwamba, ena natema nthambi za msasa kutsekereza mbali yocokera mphepo, ena natola nkhuni zokwanira usiku wonse, ena natunga madzi. Anagona moyandikana, moto uli pakati, ndi kusinthana kusonkheza. Munthu sanayenda yekha, pakuti akuru anati, Kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu.

Tisatame maulendo aja koposa muyeso. Pamodzi ndi minyanga ya njobvu ndi fodya ananyamulanso anthu, ndiwo akapolo ogwidwa m'midzi ya Amang'anja ndi mitundu yina, amuna ali m'magoli, akazi ali ndi ana kumbuyo. Iwowa sanalongedza kamba, sanasankha copfunda. Anagona pansi ali amarisece, kutali ndi moto, ndipo amene analefuka anasiyidwa panjira. Njira inali imodzi, usiku unali umodzi, koma wina anafika ndi wina sanafika. Malonda oipawa anatha m'dera lino pamene asilikari a Boma anagonjetsa Kawinga pa Cikala caka ca 1895.

Ngakhale Azungu oyamba, amene anadza ndi mabokosi ambiri, anaphunzira ndi misozi kuti kunyamula kokha sikukwanira. M'mwezi wa January 1862 Bishopu Charles Mackenzie wa ku Magomero analikutsika mtsinje womwewu wa Shire pa bwato. Bwato linagubuduka usiku, zobvala zinanyowa, ndi mankhwala a malungo anapita ndi madzi. Iye anafika pa cisumbu ca pa mathiriro a Ruo wopanda kwinini, nadwala, namwalira pa 31 January. Kunali m'dzinja, sikunali m'cisanu; koma phunziro lace ligwira nyengo zonse, ndilo lakuti cinthu cosunga moyo cisakhale conse m'mtolo umodzi, ndipo cikulungidwe kuti madzi asacipeze.

Ukapolo utatha kunadza nchito ya mtengatenga. Amuna anasenza akatundu a Mandala ndi a Boma, olemera mapaundi 50 kapena kuposa, pa mseu wocokera ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi pa Liwonde kunka ku Fort Johnston, kumene lero ticha Mangoci. Apa panabuka bvuto latsopano: mutu umene unkasenza kamba ndi copfunda ca mwini wace unasenza tsopano katundu wa munthu wina, ndipo malo a za iye mwini anacepa.

Bvutoli linakula pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918. Amuna a dziko lino pafupi 200,000 anatengedwa ku nchito ya mtengatenga, ambiri mokakamiza, ena ogwidwa usiku m'nyumba zao osapeza mpata ngakhale wokazinga cimanga. Akatundu a nkhondo anapita pa sitima za panyanja kufikira kumpoto, ndi kucokera kumeneko anakwera pa mitu ya anthu m'mapiri atali a kumwera kwa dziko limene lero liri Tanzania, m'mene Ajeremani analamulira masiku ajawo. Kumeneko usiku uzizira koposa pa Zomba. Anthu obadwira m'zigwa zotentha anakwera mapiri aja ndi zopfunda zosakwanira ndi phoso locepa, atanyowa ndi mvula, atatopa ndi katundu. Zikwi za iwo zinafa, osati ndi zipolopolo ai, koma ndi cibayo, kamwazi, malungo ndi njala. M'midzi yambiri ya kuno muli mabanja amene akumbukabe kholo lao lina limene linapita ku mtengatenga losabweranso.

Comweco cinaonekanso kwa amene anapita ku migodi ya golidi ya ku Johannesburg. Mwezi wa June ndi July kumeneko madzi aundana usiku. Anthu athu anafika atatopa ndi ulendo, atabvala za kwao kotentha. Anaturuka m'mgodi wotentha ali thukuta lokhalokha, nalowa m'mphepo ya kunja. Cibayo cinawapha ocuruka kotero kuti caka ca 1913 Boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ocokera ku maiko otentha a kumpoto kuno, ndipo khomolo silinatsegukanso kufikira zaka za m'ma 1930. Amene anayenda pansi kunka ku Halale kudzera ku Tete anapangana m'magulu monga makolo aja, aliyense ali ndi ufa, kamphika, nkhwangwa ndi bulangete; ndipo pobwera, mphatso yoyamba imene anaturutsa m'bokosi kwa amai ao inali kawirikawiri bulangete lomwe, pakuti anadziwa mtengo wace.

Taonani tsono cimene mbiri yonseyi itiuza. Pamene wapaulendo analongedza yekha, poganizira usiku woipa umene ungamgwere, anafika. Pamene anamnyamutsa modzidzimutsa, kapena wina anamlongedzera mosasamala, anatsala panjira. Cisanu ca dziko lathu sicikupha munthu wokhuta, wouma ndi wopfunda. Cipha wanjala, wonyowa ndi wotopa.

Njanji inafika pa Balaka m'zaka za m'ma 1930, nitsegulidwa kufikira ku Salima caka ca 1935. Caka ca 1965 anamanga cotsekera madzi pa Liwonde, ndi mseu unaoloka pamwamba pace pamene makolo anayembekeza bwato. Caka ca 1970 njanji yina inacoka pa Nkaya kudzera pa Liwonde kunka ku Nayuci. Ulendo wa masiku anai unasanduka wa maora owerengeka, ndipo tiyamika. Koma liwiro limeneli latilanda nzeru. Ife sitigwidwa usiku monga a mtengatenga, tiri ndi mpata wonse wakulongedza, koma tinyamuka manja lende, tinena kuti, Ndikafika kusanade. Tsono minibasi ifa pa mtsetse wa Macinga dzuwa litalowa. Lole ya matola ithyoka kasupe pa njira ya ku Ntaja. Njinga iphulika pakati pa thengo. Ndipo mai wa mwana wakhanda acezera kukhala m'mbali mwa mseu ndi nsaru imodzi. Galimoto likazima lisanduka citsulo cozizira, losaposa mwala.

Cifukwa cace, abale, tibwerere ku zisanu zija za makolo, ngakhale maonekedwe ace asintha. Ponyamuka m'miyezi ya May kufikira August titenge bulangete kapena nsaru yocindikala, ndi juzi, ndi cisoti ca mwana, pakuti khanda ndi nkhalamba ndiwo ayamba kugonja. Titenge pepala lalikuru la pulasitiki lochinga mawawa, ndi malaya ena ouma osinthira. Macesi akhale m'kajumbo komanga, pamodzi ndi toci. Kamba akhale wosafuna moto: cigumu, mbatata yophika, mtedza, cimanga cokazinga, nthoci, ndi botolo la madzi abwino. Wakumwa mankhwala masiku onse atenge a masiku awiri kapena atatu oonjezera, nawasunge m'thumba la pathupi, osati m'cikwama ciri padenga la basi. Lamya ya m'manja ikhale yodzala moto, ndi nambala ya mbale ilembedwenso pa kapepala. Ndarama pang'ono zibisike pa zokha. Wa njinga asaiwale pampu, zigamba ndi sipanala.

Tidziwenso zizindikiro. Munthu akanjenjemera kosaleka, nayamba kulankhula mosamveka, kudzandira ndi kufuna tulo, cisanu camlowa m'kati. Mumcotse m'mphepo, mumbvule zonyowa, mumpfunditse pamodzi ndi mutu womwe, musamgoneke pa nthaka yopanda coyala, mumpatse cakumwa cotentha ca shuga ngati akhoza kumeza, ndipo mufulumire naye ku cipatala. Kacasu musampatse, anamiza munthu kuti wafunda, pamene alikutaya kutentha kwa thupi. Ndipo mukapeza pogona, musatsekere mbaula ya makala m'cipinda, pakuti mpweya wace ulibe pfungo, nupha anthu ali m'tulo.

Cotsiriza ndi ici. Apaulendo akale anafika cifukwa ca mtolo wao, komanso cifukwa ca midzi ya panjira imene inawapatsa moto ndi pogona. Ife okhala m'mbali mwa mseu wa Zomba, wa Mangoci ndi wa Balaka ndife midzi imeneyo lero. Mukamva kuti galimoto lafera pafupi usiku wa cisanu, turukani ndi cikuni, ndi mphasa, ndi phala la ana. Ndipo mwana wanu akati, Ndapita, musangomfunsa za ndarama ya basi. Tsegulani cikwama cace muone ngati bulangete lirimo.