Kachitsulo Kamene Kanaolotsa Ndege Panyanja

Mbiri imakonda kutchula maina a anthu olimba mtima, koma kaŵirikaŵiri imaiŵala tizitsulo timene tinasunga moyo wawo. Nkhani ya lero ndi ya kachitsulo kotere, kotchedwa valavu.

Valavu ndi chitseko cha injini, ndipo imaoneka ngati boŵa wa tsinde lalitali. Ina imaloŵetsa mpweya mu silinda, ina imatulutsa utsi. Yotulutsa utsi ndiyo imazunzika koposa. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, valavuyo imatseguka ndi kumenyetseka pampando wake ka 1,500, uku itafiira ndi moto wopitirira madigiri 700. Chitsulo chikatentha chotere chimafooka: mlomo wake umapsa, tsinde limatamuka, ndipo mwina mutu umaduka ndi kugwera pa pisitoni.

Pa galimoto, zoterezi zimangochedwetsa ulendo, koma pa ndege ndi imfa. M'zaka za nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mavalavu a injini za ndege sanali kukhalitsa. Akatswiri a zitsulo anayamba kusakaniza chitsulo ndi chromium ndi silicon kuti chisadyeke ndi moto. Izi zinathandiza, komabe kutentha kunali kuunjikana pamutu pa valavu, kopanda njira yothaŵira.

Amene anapeza njirayo ndi Samuel Heron, Mngelezi amene anasamukira ku America mu 1921 nagwira ntchito ku McCook Field, mumzinda wa Dayton. Iye anaboola tsinde la valavu, nathiramo mankhwala a mtundu wa mchere, osadzaza, kenaka natseka. Injini ikatentha, mcherewo unali kusungunuka ndi kukhutchumuka m'katimo, kunyamula moto kuchokera kumutu kupita kutsinde, kumene unali kuzizira. Pambuyo pake m'malo mwa mchere anayamba kuthiramo sodium, imene imasungunuka pa madigiri 98 okha.

Nzeru za Heron zinaloŵa m'injini ya Wright J-5 Whirlwind, ya masilinda 9. Pa 20 Meyi 1927, Charles Lindbergh ananyamuka ku New York ali yekha, m'ndege ya injini imodzi yokha ya mtundu umenewu, natera ku Paris patapita maola 33 ndi theka. Paulendowo valavu iliyonse inatseguka ndi kutseka koposa miliyoni imodzi ndi theka. Imodzi yokha ikanaduka ali pakati pa nyanja ya Atlantic, kukanakhala kopanda pothaŵira.

Vuto lina linadza ndi mafuta. Kuyambira mu 1923, petulo anayamba kuthiridwa mtovu, umene unalinso kuteteza mpando wa valavu kuti usaperepeseke. Koma mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana, motero maiko anauletsa mmodzimmodzi, ndipo lotsiriza linali Algeria mu 2021. Opanga injini anayankha poika mipando ya chitsulo cholimba kwambiri.

Chimene sichinasinthe ndi ichi: valavu imataya moto wake wambiri panthaŵi yochepa imene yakhala pampando. Nchifukwa chake makaniko wosamala amayesa mpata wa matapeti, kaya ndi pa basi, thirakitala kapena injini ya chigayo. Mpatawo ukachepa, valavu sikhazikika bwino, ndipo imapsa monga zinali kupsera zija za ndege zoyamba.