Sukulu za kwacha ndi ophunzira amene zilembo zimawazemba

Sukulu za kwacha ndi makalasi a anthu akuluakulu amene sadaphunzire kuwerenga, kulemba ndi masamu ali ana. Kwa Kapondo m'boma la Mchinji, monganso m'midzi ina m'dziko muno, makalasiwa amakumana masana anthu akabwera kumunda, m'tchalitchi, m'chipinda cha pulayimale ana akaweruka, kapena pansi pa mtengo. Pa 8 Sepitembala, tsiku lomwe bungwe la UNESCO lidapatula mu 1966 kuti dziko lonse lizikumbukira kufunika kodziwa kulemba ndi kuwerenga, dandaulo limakhala lomwe lija: olembetsa ngambiri, omaliza ngochepa. Chifukwa chake akuti ndi ulesi ndi manyazi, ndipo ena amangoti kuwongola mtengo n'poyamba. Koma pakati pa osiyawo pali anthu ena amene sajomba, amawerengera ndalama za mtedza pamtima osaphonya, koma akagwira buku zilembo sizikhazikika. Mbiri ya sukuluzi idawadutsa anthu amenewa.

Oyamba kuphunzitsa akuluakulu adali amishoni. A Dutch Reformed adafika ku Mvera mu 1889, ndipo ansembe a White Fathers adatsegula Kachebere, m'boma la Mchinji, mu 1903. M'sukulu zawo za m'midzi munkakhala ana ndi akulu omwe, cholinga chili chakuti munthu awerenge katekisimu ndi Baibulo. Wolephera kuwerenga ankaloweza pamtima. Boma la atsamunda lidayesa pologalamu yophunzitsa anthu ambiri nthawi imodzi ku Mponela mu 1947, kenaka ku Domasi. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 kudabwera mabuku a Ukani, ndipo dzina lakuti sukulu ya kwacha lidakhazikika pakamwa pa anthu.

Pologalamu yomwe ilipo lero idayamba mu 1986, itayesedwa kaye kwa zaka zingapo mothandizidwa ndi UNESCO ndi UNDP. Maphunziro amatenga miyezi khumi. Buku lodziwika kwambiri ndi Chuma ndi Moyo, lomwe limaphunzitsa zilembo kudzera m'nkhani za ulimi, ukhondo ndi zapakhomo. Mlangizi amasankhidwa m'mudzi momwemo, amaphunzitsidwa kwa masabata owerengeka, ndipo amalandira kandalama kongomuthokoza. Ndondomeko yonse idamangidwa pa ganizo limodzi, lakuti amene sadziwa kuwerenga adangosowa mwayi, choncho akapatsidwa buku ndi mlangizi adziwa. Kwa ambiri zimenezi n'zoona. Kwa ena ayi.

Madotolo a ku Ulaya adaliona kale vuto la anthu amene zilembo zimawazemba. Mu 1887 Rudolf Berlin, dotolo wa maso wa ku Stuttgart, adalipatsa dzina lakuti dyslexia, ndipo mu 1896 W. Pringle Morgan wa ku England adalemba za mnyamata wanzeru wa zaka 14 amene ankakanika kuwerenga. Maso amaona bwinobwino, nzeru zilipo, koma ubongo umavutika kulumikiza chilembo ndi liwu lake. Vutoli silitha ngakhale munthu akule. Chichewa chili ndi mwayi wakuti chimalembedwa mmene chimatchulidwira, motero wovutikayo amatha kudutsa a e i o u ndi ba be bi. Chimwala chimadza pa maphatikizo monga mpha, nkhwa, ntcha ndi ng'o, komanso posiyanitsa b ndi d. Amawerenga mochedwa kwambiri, pofika kumapeto kwa chiganizo n'kuti chiyambi chitathawa.

Maphunziro a anthu olumala m'Malawi adayenda njira yawoyawo. Sukulu za osaona zidayamba cha m'ma 1950 ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe ku Nsanje. Za osamva zidatsatira ku Maryview m'boma la Chiradzulu mu 1968, kufupi ndi koleji ya Montfort yomwe imasula aphunzitsi a ana otere. Ulumali wooneka ndi maso ndiwo udayamba kulabadiridwa. Gawo la ana ovutika kuphunzira lidadza mochedwa, mu 1996, ndipo lidali la ana a ku pulayimale. Njira ya sukulu za kwacha ili pansi pa zachitukuko cha m'midzi, ya maphunziro apadera ili pansi pa zamaphunziro, ndipo ziwirizi zidakula popanda mphambano yokumanirana.

Chomwe chidachulutsa lero akuluakulu amene adalowako sukulu koma zilembo zidawazemba ndi zomwe zidachitika mu 1994, fizi ya ku pulayimale itathetsedwa. M'chaka chimodzi chiwerengero cha ana asukulu chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Zipinda sizidakwane, mabuku sadakwane, ndipo padalembedwa aphunzitsi pafupifupi 20,000 osadutsa ku koleji, ambiri atangophunzitsidwa masabata ochepa. Kutsegula chitseko kudali chinthu chabwino, palibe angatsutse. Koma m'kalasi ya ana oposa 100, ena atakhala pafumbi pansi pa mtengo, njira yophunzitsira imatsala imodzi yokha: mphunzitsi anena, onse abwereze pamodzi. Mwana wovutika ndi zilembo amabisala bwino m'kwaya yotereyi. Amayasamula pakamwa limodzi ndi anzake, osadziwika mpaka tsiku la mayeso. Akabwereza Sitandade 2 kawiri kapena katatu, dzina limamupeza: mbuli, mutu wouma. M'dera la fodya ngati Mchinji, kumene ntchito ya panazale, kuthyola ndi kusoka fodya imafuna manja ambiri, ndipo mabanja a matenanti ankasamukasamuka m'maesiteti, makolo sankachedwa kugamula kuti sukulu yamukana. Amene adalowa Sitandade 1 chaka chimenecho tsopano ali pafupi ndi zaka 40.

Ena a iwo ndi amene akubwerera ku sukulu ya kwacha, ndipo chowabweza n'chooneka: uthenga wa pafoni wonena za ndalama kapena feteleza, kaundula wa banki m'khonde, sikelo ya vendala, kusintha kwacha ya Malawi ndi ya Zambia, ndi kutopa ndi kudinda chala pamaso pa anthu. Akafika amapeza njira yomwe idawalepheretsa kale: bolodi, choko ndi kubwereza pamodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano akulephera pamaso pa anzawo a kumpingo, mwina apongozi ali pomwepo. Amuna ambiri safika n'komwe, n'chifukwa chake makalasiwa amadzaza ndi amayi.

Mlangizi naye ali pamavuto. Alibe chida chodziwira ngati mayi amene akuchedwayo ali ndi dyslexia, kapena maso ayamba kufooka monga amachitira munthu akapitirira zaka 40, kapena samva bwino, kapena wangotopa ndi ganyu. Onsewa amaoneka chimodzimodzi kuchokera kutsogolo kwa kalasi, chonsecho thandizo lawo n'losiyana. Wina magalasi okha amukwanira. Wa dyslexia amafunika kuphunzitsidwa liwu limodzi pa nthawi, akulitchula, akulilemba ndi chala pamchenga, akuliumba ndi dongo, mobwerezabwereza ndi kwa nthawi yaitali kuposa miyezi khumi. Mvula ikagwa anthu amabalalikira kuminda, ndipo amene amaiwala msanga zomwe adaphunzira ndi wa dyslexia yemweyo.

Malamulo asuntha ndithu. Lamulo la anthu olumala lidakhazikitsidwa mu 2012 ndipo lidalowedwa m'malo ndi lina mu 2024. Ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse idayamba mu 2017, ndipo ya maphunziro a akuluakulu idatuluka mu 2020. Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 68.6 pa 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo amadziwa kulemba ndi kuwerenga, pamene 10.4 pa 100 ali ndi ulumali. Mafunso a kalembera amakhudza kuona, kumva, kuyenda, kulankhula ndi nzeru, motero mlimi wochenjera amene zilembo zokha ndizo zimamuzemba salowa m'gulu la olumala. M'kaundula wa mlangizi namonso mulibe mpata wolembapo chifukwa chake. Mumangoonekera masiku amene munthu adabwera ndi tsiku limene adasiya.