Zitunda ziwiri za ku Glasgow: mmene injiniya ndi wojambula adakhalira m'kalasi imodzi

Tsiku lina m'chaka cha 1955, dokotala wa amayi oyembekezera dzina lake Ian Donald adalongedza m'galimoto zotupa zomwe zidachotsedwa m'mimba mwa odwala, n'kupita nazo kufakitale ya Babcock & Wilcox ku Renfrew, kufupi ndi mzinda wa Glasgow ku Scotland. Pafakitalepo ankapanga matanki akuluakulu owiritsira madzi a nthunzi, ndipo anali ndi kachipangizo kofufuzira ming'alu mkati mwa chitsulo potumiza mafunde a phokoso lomwe khutu la munthu silimva. Donald ankafuna kudziwa ngati kachipangizoko kangasiyanitse chotupa cholimba ndi chotupa chamadzi. Kadasiyanitsadi.

Chaka chotsatira adakumana ndi Tom Brown, mnyamata wa zaka 23 amene ankagwira ntchito kukampani ya Kelvin & Hughes. Brown ndiye adalumikiza mawaya ndi zitsulo mpaka kupanga makina otha kujambula za m'mimba popanda kung'amba munthu, ndipo mu June 1958 awiriwa pamodzi ndi dokotala John MacVicar adalengeza zomwe adapeza m'magazini ya zachipatala ya The Lancet. Sikani yomwe mayi wapakati amakapangitsa lero kuchipatala idayambira pamenepa.

Makinawo ankagwira ntchito, koma panali vuto lomwe dokotala ndi injiniya sadaliike patsogolo. Cha mu 1961, pamene chipatala cha ku Lund m'dziko la Sweden chidaitanitsa makina akeake, Brown adaonetsa chojambula chake kwa wophunzira wina wa pasukulu ya zaluso ya Glasgow School of Art, Dugald Cameron. Patapita zaka, Cameron adafotokoza kuti chimene adaona papepalapo chinkafanana ndi mfuti yaikulu ya kunkhondo, chinthu chosayenera kulozetsa pamimba ya mayi woyembekezera. Adajambulanso makinawo kuyambira pa anthu: mayi agona pati, dokotala aima kapena akhala mbali iti, dzanja lake lifika pati osawerama. Ntchito yakeyo idapitirira mpaka pa makina otchedwa Diasonograph, omwe adagulitsidwa m'zipatala m'zaka za m'ma 1960.

Cameron yemweyo ndiye mu 1987, pamodzi ndi pulofesa wa uinjiniya Brian Scott, adayambitsa digiri ya Product Design Engineering, yomwe amaphunzitsa mogwirizana University of Glasgow ndi Glasgow School of Art. Yunivesiteyo ili pachitunda cha Gilmorehill, sukulu ya zalusoyo pa Garnethill. Wapansi sangatope kuyenda kuchoka pena kufika pena, komabe padatenga zaka pafupifupi 150 kuti sukulu ziwirizi zigawane wophunzira mmodzi.

Kusiyana kwake kudayamba ndi mafakitale. Kale mmisiri ankaganiza chinthu, kuchipanga, n'kuchipereka kwa munthu amene ankamudziwa nkhope. Wosula khasu ankadziwa dzanja lomwe lidzagwire mpini ndi nthaka yomwe khasulo lidzalime, ndipo likathyoka msanga dandaulo linkafika pakhomo pake madzulo omwewo. Makina atayamba kutulutsa katundu masauzande, ntchito imodziyo idagawikana: wina kuganiza, wina kuyendetsa makina, wina kugulitsa. Woumba mbale wotchuka wa ku England, Josiah Wedgwood, adayamba mu 1775 kulipira wosema ziboliboli John Flaxman kuti azimukonzera zitsanzo zomwe antchito a m'fakitale ankangotsatira. Munthu woganiza chinthu adaleka kukhala munthu wochipanga, ndipo onse awiri adatalikirana ndi wochigwiritsa ntchito.

Pofika zaka za m'ma 1830, aphungu a ku Britain adali ndi nkhawa kuti nsalu ndi ziwiya za ku France zinkakopa ogula kuposa zawo. Komiti ya Nyumba ya Malamulo idafufuza nkhaniyi mu 1835 ndi 1836, ndipo mu 1837 boma lidatsegula Government School of Design ku Somerset House mumzinda wa London. Glasgow idalandira sukulu yake yamtunduwu mu 1845, yomwe pambuyo pake idadzakhala Glasgow School of Art. M'sukuluzi ankaphunzitsa makamaka kukongoletsa: maluwa a pansalu, mizere ya pakapeti, zokometsera za pambale. Funso loti chinthucho chilimba bwanji kapena chipangidwa motani silinali lawo.

Funso limenelo lidapita kuchitunda china. Mu 1840 Mfumukazi Victoria idakhazikitsa ku University of Glasgow mpando wa pulofesa wa uinjiniya, woyamba m'dziko lonse la Britain. Woyamba kukhalapo, Lewis Gordon, sadalandiridwe bwino ndi mapulofesa anzake, omwe ankaona uinjiniya ngati ntchito ya m'fakitale yosayenera yunivesite, moti adavutika ngakhale kupeza chipinda chophunzitsiramo. Amene adamulowa m'malo mu 1855, William Rankine, adayankha chipongwecho ndi masamu. Adalemba mabuku ofotokoza mphamvu ya nthunzi, kulimba kwa milatho ndi kayendedwe ka makina mwa manambala, ndipo uinjiniya udapeza ulemu.

Ulemuwo udali ndi mtengo wake. Pamene injiniya ankazama m'masamu, m'pamenenso ankatalikira pensulo yojambulira, benchi ya kalipentala ndi munthu wamba. Kwa zaka zambiri katundu ankabadwa kawiri: injiniya ankamaliza zamkati, kenako ankaitana wojambula kuti avekepo chikuto chokongola. Ndimaona kuti zipangizo zambiri zomwe zimatisautsa mpaka lero, zokhala ndi batani lobisika kapena chogwirira chopweteka dzanja, zidabadwa mwanjira imeneyi.

Ajeremani ndiwo adayamba kuyesa kubweza zinthu pamodzi. Mu 1907 kampani ya zamagetsi ya AEG idalemba ntchito Peter Behrens kuti aziyang'anira maonekedwe a zonse, kuyambira maketulo, mafani ndi nyale mpaka nyumba ya fakitale. Mmodzi mwa anyamata omwe adagwira ntchito muofesi yake, Walter Gropius, adatsegula sukulu ya Bauhaus ku Weimar mu 1919, kumene wophunzira aliyense ankayenera kugwira matabwa, chitsulo, dongo kapena ulusi ndi manja ake. Pasukuluyi Marcel Breuer adatengera nzeru pa mahandulo a njinga n'kupanga mpando wa mapaipi opinda. Chipani cha Nazi chidaikakamiza sukuluyi kutseka mu 1933. Nkhondo itatha, sukulu ya ku Ulm, yomwe idakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1968, idapita patsogolo poika masamu, sayansi ya thupi la munthu pantchito ndi maphunziro a chikhalidwe cha anthu m'ndandanda wa ophunzira ojambula. Mphunzitsi wake Hans Gugelot adagwira ntchito ndi Dieter Rams pa wailesi ndi galamafoni ya kampani ya Braun mu 1956. Komabe onsewa anali ojambula omwe ankayandikira uinjiniya. Sankatuluka ndi digiri ya injiniya.

Ku America kudachitika zosiyana: injiniya ndiye adayamba kuyandikira zaluso. Pulofesa John Arnold, akuphunzitsa ku MIT kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ankauza ophunzira ake kuti akonze zipangizo za zolengedwa zongopeka zokhala padziko lomwe adalitcha Arcturus IV, zolengedwa zofanana ndi mbalame, za maso atatu ndi mafupa osalimba. Ena ankaona ngati masewera, koma cholinga chake chinali chakuya. Wophunzira sakanatha kudziyerekeza yekha ngati wogwiritsa ntchito chipangizocho, choncho ankakakamizika kufunsa kuti cholengedwachi chimaona bwanji, chimagwira bwanji, chimatopa ndi chiyani. Arnold adasamukira ku Stanford mu 1957, ndipo iye ndi Robert McKim adamanga kumeneko maphunziro a product design olumikiza dipatimenti ya uinjiniya ndi ya zaluso. Mmodzi mwa omwe adadzera m'menemo, David Kelley, adadzakhala mmodzi wa eni kampani ya IDEO mu 1991. Ku Netherlands, yunivesite ya Delft idakhazikitsa maphunziro ake amtunduwu mu 1969.

Britain idachedwa, ndipo chidaidzutsa ndi msika, monga zidalili mu 1837. Lipoti la Feilden la mu 1963 lidadandaula kuti makina a dzikolo ankagonja kunja chifukwa cha kapangidwe kosaganiziridwa bwino, komanso kuti ntchito yokonza kapangidwe inkanyozeka pakati pa mainjiniya eniake. Mu 1980 Royal College of Art ndi Imperial College ku London zidayamba digiri yachiwiri ya anthu omwe adamaliza kale uinjiniya. Chachilendo cha Glasgow mu 1987 chinali choti sadadikire kuti munthu ayambe wakhala injiniya kenako n'kumuphunzitsa kujambula. Adamutenga akuchokera kusekondale, maso ndi manja zisanaume.

Moyo wa wophunzira wa digiriyi ndi wa mbali ziwiri. Masiku ena amakhala kuyunivesite pamodzi ndi ophunzira a mechanical engineering, kulimbana ndi masamu, mphamvu zokankha ndi zokoka, khalidwe la chitsulo ndi pulasitiki, kutentha ndi zamagetsi. Masiku ena amakhala musitudiyo kusukulu ya zaluso, kujambula, kudula makatoni, kusema thovu lolimba, kupanga chitsanzo, kuchipereka kwa munthu kuti achiyese, kuona pomwe wakodwa, n'kuyambiranso. Zaka zoyambirira masamu ndiwo amachuluka, ndipo zaka zikamapita situdiyo imatenga nthawi yambiri. Wa BEng amatha zaka 4, wa MEng zaka 5, ndipo chaka chomaliza aliyense amasankha vuto lenileni n'kupanga chipangizo choti anthu adzachione pachionetsero.

Chovuta chachikulu si kuchuluka kwa ntchito. Kuyunivesite funso limakhala ndi yankho limodzi lolondola, ndipo ukalipeza wakhoza. Musitudiyo umapachika ntchito yako pakhoma, aphunzitsi ndi anzako n'kuyamba kuifunsa mafunso, ndipo chinthu chomwe masamu ake ndi olondola chikhoza kukanidwa chifukwa gogo wa nyamakazi sangathe kuchitsegula. Wachinyamata ayenera kuphunzira kumvera oweruza awiriwa osanyoza mmodzi. Otsutsa amati maphunziro otere amatulutsa munthu wosazama mbali iliyonse, ndipo n'zoona kuti wofuna kuwerengera mapiko a ndege angachite bwino kutenga digiri ina. Koma katundu wambiri amene timagwira tsiku ndi tsiku salephera chifukwa masamu adalakwika. Amalephera chifukwa palibe amene adapita kukaona mwini wake akumugwiritsa ntchito. Mu 2014 Imperial College idavomereza mfundo yomweyi potsegula Dyson School of Design Engineering ndi mphatso ya mapaundi 12 miliyoni kuchokera kubungwe la James Dyson, munthu amene adaphunzira ku Royal College of Art asanatchuke ndi makina oyamwa fumbi m'nyumba.

Kuno kwathu nzeru imeneyi tidaidziwa kumjigo tisanaione m'kalasi. Pampu ya Afridev, yomwe amayi amapopa m'midzi yambiri ya mu Africa, idayambira m'Malawi muno mu 1981 ndi dzina loti Maldev, ntchito yoikonza isanasamukire ku Kenya. Mapampu akale akawonongeka ankadikira galimoto ya amisiri kuchokera kuboma, mwina miyezi. Okonza Afridev adayambira pafunso loti ndani adzaikonze ikafa, ndipo yankho linali komiti ya pamudzi. N'chifukwa chake ndodo zake zimangokolekana, zamkati zimatuluka osazula mapaipi, ndipo sipanala imodzi imakwanira ntchito zambiri.

Chitsanzo chaposachedwa ndi Pumani, makina othandiza kupuma ana obadwa masiku osakwana. Adawayamba cha mu 2010 ndi ophunzira a Rice University ya ku Texas mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a kuchipatala cha Gulupu ku Blantyre, ndipo chitsanzo choyamba chidagwiritsa ntchito timapampu topopera mpweya m'matanki oweta nsomba. Kafukufuku wa pachipatalapo, wofalitsidwa mu 2014, adapeza kuti ana 71 pa 100 alionse omwe adathandizidwa ndi makinawa adapulumuka, poyerekeza ndi 44 pa 100 mwa omwe adangolandira mpweya wa okosijeni m'mphuno. Mgwirizano womwewo udabala situdiyo yopangira zinthu ku Polytechnic, yomwe tsopano ndi MUBAS, mu 2016, kumene ophunzira athu a uinjiniya amapanga ndi kuyesa zitsanzo zawo.

Chomwe chikundiwawa n'choti nzeru ziwiri zonsezi zidakulira pano, koma ntchito yopanga katunduyo wochuluka idapita kwina. Pumani idatengedwa ndi kampani ya ku California kuti ipangidwe ndi kugulitsidwa, ndipo mapampu ambiri a Afridev omwe timaika m'midzi yathu timaitanitsa ku India. Wophunzira wa ku Glasgow akamaliza amapeza fakitale yomudikira, pamene wathu kawirikawiri amasiya chitsanzo chake pashelefu n'kukafuna ntchito ina. Unduna wa Zaumoyo, mabungwe okumba mijigo ndi makampani athu apite kuzionetsero za ophunzira ku MUBAS ndi ku MUST, asankhe zipangizo zomwe zayesedwa n'kukhoza, ndipo aike oda yoyamba kuti zipangidwe konkuno.