Atsikana a ku Swat ndi Mabuku Obisa M'nsalu

Kumpoto cha kumadzulo kwa dziko la Pakistan, pafupi ndi malire a Afghanistan, kuli chigwa chotchedwa Swat. Ndi dziko la mapiri aatali, la mtsinje wa madzi ozizira ndi minda ya zipatso, kumene anthu a kuzidikha ankapita kukathawa kutentha kwa chilimwe. Eni ake ambiri ndi a mtundu wa Pashtun, ndipo chipembedzo chawo ndi Chisilamu. Mzinda waukulu wa m'chigwacho ndi Mingora, ndipo m'menemo mudabadwa mwana wamkazi pa 12 Julayi 1997 amene dzina lake, Malala Yousafzai, ambiri a inu mudalimvapo pa wailesi. Dzinalo lidamveka ndithu, koma za chigwa chimene chidamubala adamva ndi ochepa. Mwezi uno tiyeni tione mbiri ya chigwacho, pakuti muli phunziro lotikhudza ife makolo ndi abusa a Eklezia.

Mpaka chaka cha 1969 Swat adali ndi mfumu yakeyake imene ankaitcha Wali. Wali womaliza, Miangul Jahanzeb, adalowa ufumu mu 1949, ndipo pa zaka makumi awiri za ulamuliro wake adamanga misewu, zipatala ndi sukulu, za anyamata ndi za atsikana zomwe. Koleji imene idatenga dzina lake idatsekulidwa mu 1952. Mfumu yomweyi, Msilamu weniweni, ndiyo idalandira asisiteri achikatolika a chipani cha Presentation m'zaka za m'ma 1960 kuti ayendetse sukulu pa malo otchedwa Sangota. Ana ophunzira pamenepo ambiri ndithu adali Asilamu, ndipo makolo ankawatumizako mwa kufuna kwawo. Tisaganize tsono kuti kudana ndi maphunziro a atsikana ndi mwambo wamakedzana wa anthu a ku Swat. Kudachita kufika, ndipo njira imene kudadzera tikuidziwa.

Ndiloleni ndipatuke pang'ono. Chipani cha Presentation adachiyambitsa ndi Nano Nagle mu 1775 mumzinda wa Cork ku Ireland. Pa nthawiyo malamulo a boma la Angerezi ankaletsa Akatolika a ku Ireland kukhala ndi sukulu zawo, ndipo mayi ameneyu adayamba m'zaka za m'ma 1750 kuphunzitsa ana a amphawi mobisa, m'kanyumba kachabechabe, osauza ngakhale abale ake. Papa Fransisko adavomereza mu 2013 kuti moyo wake udali wa ungwiro woposa. Choncho asisiteri amene adafika ku Sangota adali ana a mayi wodziwa kale kuti sukulu ikhoza kusanduka mlandu.

Ufumu wa Swat utalowetsedwa m'boma la Pakistan mu 1969, zinthu zina zidayamba kubwerera m'mbuyo. Milandu imene kale inkatha msanga pabwalo la mfumu idayamba kugona zaka m'makhoti a boma, ndipo munthu wosauka wolandidwa munda ankatopa asadaone chilungamo. Pa bala limeneli mpamene padatera ntchentche. Mlaliki wina, Sufi Muhammad, adayambitsa gulu lolonjeza chiweruzo chachangu cha malamulo a chipembedzo, ndipo mu 2001 adatenga anyamata zikwizikwi kupita nawo ku Afghanistan kukamenyana ndi Amereka. Ambiri sadabwerere, ndipo mwini wake adaponyedwa m'ndende. Mpando wake adautenga mkamwini wake, Fazlullah, munthu wa maphunziro ochepa koma wa pakamwa pothwa.

Chida choyamba cha Fazlullah chidali wailesi yaing'ono yopanda chilolezo, mwakuti anthu adamutcha mlaliki wa pa wailesi. Poyamba ankanena zooneka ngati zabwino: kupemphera, kuleka zoledzeretsa, kudzudzula akuluakulu a ziphuphu. Pa 8 Okutobala 2005 chivomezi chachikulu chidagwedeza kumpoto kwa Pakistan ndi kupha anthu oposa 70,000, ndipo alaliki a gulu lake adalengeza kuti chimenecho chidali chilango cha Mulungu chifukwa cha machimo a anthu, ndi kuti china chili m'njira akapanda kumvera. Amene ankamvera kwambiri wailesiyo adali amayi, pakuti ndiwo ankakhala pakhomo tsiku lonse. Ambiri a iwo sadapondepo m'kalasi. Akamva kuti buku loyera likunena zakutizakuti, adalibe njira yolitsekulira kuti aone okha ngati ndi zoona. Ena adavula zibangili ndi mikanda yawo ya ukwati napereka kwa mlalikiyo.

Apa ndipo pagona nkhani. Munthu wolamula anzake ndi mantha amasowa anthu osatha kudziwerengera okha, ndipo nyumba imene mayi wake adziwa kuwerenga ndi yovuta kuinamiza. Fazlullah adalidziwa bwino limeneli. Nchifukwa chake adayamba kutchula pa wailesi maina a atsikana osiya sukulu, mmodzimmodzi, ndi kuwayamikira pamaso pa chigwa chonse ngati opambana mayeso. Adalalikanso motsutsa katemera wa poliyo. Pofika mu 2007 anthu ake, amene tsopano ankadziwika kuti Taliban, adalanda mbali yaikulu ya chigwacho. Adatseka masitolo a nyimbo, adaopseza ometa ndevu, adaphwanya ndi mabomba nkhope ya chifanizo chakalekale cha Buddha chosemedwa pathanthwe ku Jahanabad. Mitembo ya anthu ophedwa usiku inkapezeka m'mawa pamphambano ya pakati pa Mingora, kuti opita kumsika aione. Sukulu ankaziphulitsa usiku, ndipo zidagwa mazanamazana. Ya ku Sangota, imene asisiteri adali atachokapo kale chifukwa cha ziopsezo, idaphulitsidwa mu Okutobala 2008. Kumapeto kwa chaka chomwecho kudamveka lamulo lakuti kuyambira pa 15 Januwale 2009 pasapezeke mtsikana wopita kusukulu.

M'masiku amenewo atolankhani a BBC a chilankhulo cha Urdu adafuna mwana wasukulu woti azisimba za moyo wake. Mtsikana wina wamkulupo adavomera, koma makolo ake adamuletsa, ndipo ine sindingawadzudzule. Mphunzitsi amene ankathandiza kufunafunako, Ziauddin Yousafzai, mwini sukulu ya Khushal mu Mingora, adapereka mwana wake weniweni wa zaka 11. Mwanayo ankasimba pa telefoni, mtolankhani Abdul Hai Kakar nkumalemba, ndipo kuyambira pa 3 Januwale 2009 nkhanizo zidayamba kutuluka pa dzina lobisika la Gul Makai. Zidalibe zozama. Zinkanena za m'kalasi mmene mipando inkanka nikhala yopanda anthu, za maloto oopsa, za aphunzitsi kulangiza ana kuti aleke kuvala yunifomu kuti asadziwike panjira. Atsikana ankabisa mabuku m'nsalu zawo. Pambuyo pake, ang'onoang'ono okha ataloledwa kubwerera kusukulu, ena osinkhukirapo ankadzichepetsa msinkhu nkumalowa nawo. Maina a ana amenewa ndi a aphunzitsi awo aakazi sadalembedwe m'nyuzipepala, komatu aliyense wa iwo ankatuluka pakhomo m'mawa akudziwa zimene zidaonekera ena pamphambano paja.

Funso limene kholo lililonse lingafunse nali: kodi bambo ameneyu adachita bwino kuika mwana wake pamaso pa zilombo? Ndalisinkhasinkha kangapo ndipo sindilipeza lopepuka. Iye mwini ankayembekeza kuti mfuti idzalunjika pa iye, pakuti ankalankhula poyera, ndipo anthu ambiri kumeneko ankakhulupirira kuti ngakhale a Taliban sangawombere mwana wamkazi. Pamenepo adalakwa chiwerengero, ndipo adalira nako kulakwako. Koma tionenso mbali inayo. Makolo onse akadasankha kukhala chete, aliyense ndi chifukwa chake chomveka, lamulo la pa 15 Januwale likadakhazikika popanda wolitsutsa, ndipo ana onsewo akadapulumutsa moyo nkutaya tsogolo. Maganizo anga ndi akuti bamboyo sadamukakamize mwana kukhala wolimba mtima. Adamulera akumufunsa maganizo ake pa mphasa ya akuluakulu, ndipo mwana woleredwa choncho savomera kutsekedwa pakamwa. Ngakhale dzina adamupatsa la Malalai wa ku Maiwand, namwali amene a Pashtun amamukumbukira kuti adalimbitsa mtima ankhondo awo polimbana ndi Angerezi mu 1880. Mmera mpoyamba.

Mu Meyi 2009 asilikali a boma adalowa m'chigwacho, ndipo anthu pafupifupi mamiliyoni awiri a ku Swat ndi maboma oyandikana nawo adathawa kwawo. Ambiri a iwo sadagone m'misasa ya othawa nkhondo. Adalandiridwa m'nyumba za anthu wamba a ku Mardan ndi Swabi, ena osawadziwa nkomwe. Patapita miyezi ingapo adabwerera, Fazlullah adathawira ku Afghanistan, sukulu zidatsekulidwanso. Malala tsopano ankalankhula poyera ndi dzina lake lenileni. Mu 2011 Episkopi Desmond Tutu wa ku South Africa adamutchula kuti alandire mphotho ya mtendere ya ana, ndipo boma la Pakistan lidamupatsa mphotho yakeyake. Asisiteri nawo adabwerera ku Swat mu 2012 nayambanso kuphunzitsa.

Pa 9 Okutobala 2012, atsikana a sukulu ya Khushal akubwerera kwawo atalemba mayeso, anyamata awiri adaimitsa galimoto lawo. Mmodzi adakwera kumbuyo nafunsa kuti Malala ndi uti. Palibe adayankha, koma maso a anzake adatembenukira kwa iye. Chipolopolo chidalowa cha kumanzere kwa mphumi nichitsikira m'khosi mpaka paphewa. Anzake awiri, Shazia Ramzan ndi Kainat Riaz, adavulalanso. Madokotala a chipatala cha asilikali ku Peshawar adachotsa chidutswa cha chigaza kuti ubongo wotupawo upeze malo, ndipo pa 15 Okutobala adamutengera ku chipatala cha Queen Elizabeth mumzinda wa Birmingham ku England. Adali ndi zaka 15. A Taliban adavomera poyera kuti ntchitoyo idali yawo.

Pano ndichenjeze akhristu anzanga. Nkwapafupi kumva nkhani yotere nkunena kuti Asilamu ngotero. Koma amene adawomberedwa ndi Msilamu wopemphera, bambo wake Msilamu, madokotala a ku Peshawar amene adamupulumutsa Asilamu. M'sabata yomweyo akuluakulu a Chisilamu okwana 50 ku Pakistan adatulutsa chigamulo chodzudzula chiwembucho kuti nchotsutsana ndi chipembedzo chawo, ndipo Asilamu amaphunzitsa kuti mau oyamba amene mneneri wawo adalandira adali olamula kuwerenga. Ife eni ake tili ndi chotikumbutsa. Pa 28 Okutobala 1965 Msonkhano Wachiwiri wa Vatikani udatulutsa pa tsiku limodzi chikalata cha Gravissimum Educationis, chophunzitsa kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wosalandika wa maphunziro chifukwa cha ulemu wa umunthu wake, ndi cha Nostra Aetate, chophunzitsa kuti Eklezia amawaona Asilamu mwaulemu. Wofuna kugwira chimodzi agwire ndi chinzake chomwe.

Zotsatira zake nzodziwika. Pa 12 Julayi 2013 Malala adalankhula pa likulu la United Nations ku New York. Mu 2014 adalandira mphotho ya mtendere ya Nobel pamodzi ndi Kailash Satyarthi wa ku India, ali ndi zaka 17. Mu 2020 adatsiriza maphunziro ake ku Oxford. Koma mphotho siziimitsa mfuti. Patangopita masiku asanu ndi limodzi chilandirire mphothoyo, pa 16 Disembala 2014, gulu la Taliban la ku Pakistan, limene Fazlullah adali atakhala mtsogoleri wake, lidalowa m'sukulu ina ku Peshawar nkupha anthu oposa 140, ndipo 132 mwa iwo adali ana. Chaka chomwecho, mu Epulo, a Boko Haram adaba atsikana 276 pa sukulu ya ku Chibok ku Nigeria. Fazlullah adaphedwa mu Juni 2018 ku Afghanistan, koma a Taliban a dzikolo atalanda Kabul mu Ogasiti 2021 adatsekera atsikana sukulu za sekondale, ndipo mu Disembala 2022 adawaletsanso kuyunivesite.

Pali munthu mmodzi m'mbiriyi amene sitimutchula kawirikawiri, ndipo ndi amene ine ndimamuganizira kwambiri ndikamayendera mabanja m'miphakati: mayi wake wa Malala, Toor Pekai. Iyeyu adakula kulibe Taliban. Adayamba sukulu ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ali mtsikana yekha pakati pa anyamata, ndipo poona anzake akusewera kunja adaleka chaka chisadathe. Palibe adamuopseza, palibe adaphulitsa sukulu yake. Adangoleka, ndipo pakhomo padalibe womufunsa chifukwa. Atsikana oleka sukulu mwa njira imeneyi timawadziwa maina awo m'midzi mwathu, ndipo ena tidawabatiza tokha: wina chifukwa fizi idakwanira mchimwene wake yekha, wina chifukwa cha mimba, wina chifukwa amalume adalandira kale za chikwati. Toor Pekai adakwatiwa ndi mphunzitsi wolemba ndakatulo zimene iye sankatha kuziwerenga. Adadikira zaka zoposa makumi atatu. Ku Birmingham, mwana wake atachira, mayi wa ana atatuyu ankanyamula kope ndi pensulo kupita kukalasi ya akuluakulu, ndipo madzulo mwana wamkazi uja ndiye ankamuthandiza ntchito ya kusukulu.