Chikwama cha Mlendo pa Chipata cha Mwanza

M'nthaŵi ya ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda, munthu wobwerera kwawo kudzera ku Tete ankafika pa chipata cha Mwanza ali ndi mantha. Lamulo la mu 1968 lidapatsa boma mphamvu yoletsa mabuku, magazini ndi nyimbo, motero kaseti yoletsedwa inkatsala m'manja mwa a pamalire. Mwini wake ankangochoka osadandaula, poopa ndende.

Pa 8 Marichi 1992 m'matchalitchi mwathu mudaŵerengedwa kalata ya Maepiskopi yodzudzula kutseka anthu pakamwa. Boma lidati kusunga kalatayo ndi mlandu, nyumba yosindikizira mabuku ku Balaka idatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche adapirikitsidwa m'dziko. Koma mau aja sadafe. Malamulo aakulu a dziko a mu 1994, m'ndime 21, adateteza munthu kuti asasechedwe, asalandidwe katundu, ndiponso makalata ake asaŵerengedwe mwachisawawa.

Lero makalata ndi zinsinsi za banja zili m'foni. Wa pamalire ali nayo ntchito yake yoyenera ulemu. Koma akafuna kulanda foni, Mkhristu afunse modekha lamulo limene likumlola. Ufulu umenewu ena adauvutikira, tisautaye pokhala chete.