Njanji ya pa Luchenza: Kodi Anatinyoza?

FUNSO: Agogo anga ankayenda wapansi kuchokera kuno ku Nyanja ya Chilwa mpaka pa Luchenza kukakwera sitima. Siteshoni imeneyi inayamba liti? Nanga n'zoona kuti azungu anatiyalira njanji yopapatiza pofuna kutinyoza? Ndine wowerenga wanu, ku Phalombe.

YANKHO: Agogo anuwo anali ndi miyendo, poti ku Phalombe njanji sinafikeko. Luchenza ili pa njanji ya Shire Highlands Railway, yomwe anayamba kuiyala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ndipo inalumikiza Blantyre ndi Port Herald, yomwe lero ndi Nsanje, mu 1908. Tiyi wa ku Mulanje ankakwera sitima pamenepo. Njanji yoyandikira nyanja yanu inabwera mochedwa, mu 1970: ya Nkaya mpaka Nayuchi, yodutsa pakati pa Chilwa ndi Chiuta.

Tsopano funso lachiwirilo, lomwe landikhazika tsonga. Tengani tepi ya atelala, muyang'ane uku ndi uku ngati sitima ikubwera, muyeze mpata wa pakati pa zitsulo ziwirizo. Mupeza mamilimita 1,067: mita imodzi, kuwonjezerapo kutalika kwa chala. Ku Britain mpatawo ndi 1,435. Kusiyana kumeneku ndiye kunabala mphekesera ija.

Koma muyezo wathuwu sanaupangire ife. Boma la Cape ku South Africa linausankha mu 1873, chifukwa njanji yopapatiza imakhota msanga m'mapiri ndipo siidya ndalama zambiri poyala. Kuchoka kumeneko unafalikira ku Zimbabwe, Zambia ndi Mozambique. Ngakhale njanji ya TAZARA inatsata womwewu kuti ilumikizane ndi njanji ya Zambia.

Nayi nkhani yokoma. Ku Japan, sitima yoyamba mu 1872 inayenda pa mpata womwewu wa 1,067, ndipo mpaka lero sitima wamba zambiri za kumeneko zikuthamanga pa mpata wofanana ndi wa pa Luchenza. Nanga a ku Japan anawanyoza ndani?

Ine chimandinyansa ndi china: kuona njanji ikumera udzu, katundu wolemera ali pa malole omwe akukumba misewu. Madzi atakokolola njanji pa Chiromo mu 1997, njira ya kumwera inaduka kwa zaka zambirimbiri.

Njanji yopapatiza si chipongwe ayi. Chipongwe ndi kuisiya ichite dzimbiri.